Makina Ofinya Miyendo Sapima Mtima Kapena Impso

Pa malonda amene amafika pa foni masiku ano pakuoneka makina achilendo, amene eni ake amati amachotsa kutupa kwa miyendo, amayendetsa bwino magazi ndiponso amathetsa kutopa. Chithunzi chake sichisintha: munthu wakhala pa mpando wa ndalema, miyendo yake ili m'zinthu zonga majombo aatali ansalu, nkhope ikumwetulira. Ena mwa makinawa amalowa m'mudzi ali m'chikwama cha mwana wochokera ku Johannesburg kapena ku Lilongwe, amene adamva kuti amayi ake akudandaula mapazi, nadzimana kuti awagulire. Mphatso yotere imachokera mu mtima wabwino, ndipo palibe chifukwa choinyozera. Koma pali funso loyenera kuyankhidwa makinawo asanatulutsidwe m'bokosi: kodi chatupitsa miyendoyo n'chiyani? Makina sangathe kuyankha funso limeneli, ndipo munthu amene ayamba kuwagwiritsa ntchito asanapeze yankho lake angathe kutaya miyezi imene ikadapulumutsa moyo wake.

Kagwiridwe ntchito kake n'kosavuta kumvetsa. Aliyense amene adapimitsapo kuthamanga kwa magazi akumudziwa lamba uja amene anamwino amakulunga pa mkono ndi kumupopa mpaka athine. Makinawa ndi abale ake a lamba ameneyo, kungoti iwo amakulunga mwendo. M'kati mwa nsalu muli timatumba tingapo totsatizana, kuyambira ku phazi kukafika m'bondo kapena m'ntchafu. Kapampu koyendera magetsi kapena batire kamadzaza mpweya m'kathumba ka kuphazi poyamba, kenaka ka pa katumba, kenaka ka pamwamba, ndipo pakapita kanthawi kamatulutsa mpweya wonse ndi kuyambiranso. Motero magazi ndi madzi amene adatsalira m'munsi amakankhidwira kumtunda, monga momwe munthu amafinyira matumbo a mbuzi powatsuka.

Thupi la munthu lidabadwa ndi makina ake ochita ntchito yomweyi. Magazi akachoka mu mtima amatsikira ku mapazi mosavuta, koma ulendo wobwerera ndi wa chitunda. Dokotala wa ku England, William Harvey, adafotokoza m'chaka cha 1628 kuti magazi amazungulira thupi lonse ndi kubwerera ku mtima, ndipo mwa zimene zidamuthandiza kuzindikira zimenezi ndi tizitseko tating'ono tokhala m'mitsempha yobweza magazi. Tizitsekoti timatsegukira mbali imodzi yokha, ya kumtima. Munthu akaponda pansi ndi kunyamula chidendene, katumba amakungika ndi kufinya mitsempha ya m'kati mwake. Magazi amakwera, tizitseko timatseka pambuyo pake kuti asabwerere. Phazi lililonse limene munthu aponya pa ulendo wa ku munda, ku chitsime kapena ku chigayo ndi mpope umodzi wa pampu imeneyi. Sifuna magetsi ndipo sigulidwa.

Apa m'pofunika kunena chilungamo, pakuti makina ofinya miyendo si bodza. M'zipatala zazikulu ali ndi ntchito yake yodziwika, makamaka kwa odwala amene sangathe kudzuka pa bedi: amene achitidwa opaleshoni yaikulu, amene athyoka chiuno, ndi amene afa ziwalo ndi sitiroko. Mwa anthu otere akatumba amakhala ali chete, magazi amadekha m'mitsempha, ndipo magazi odekha sachedwa kuundana. M'chaka cha 2013 magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet idafalitsa zotsatira za kafukufuku wa CLOTS 3, amene adachitika m'zipatala za ku Britain pa odwala sitiroko 2,876 osatha kuyenda. Mwa amene sadavekedwe makina, anthu pafupifupi 12 pa 100 aliwonse adapezeka ndi magazi oundana m'mitsempha ikuluikulu ya m'mwendo. Mwa amene adavekedwa, adali pakati pa 8 ndi 9 pa 100 aliwonse. Phindu limeneli ndi lenileni.

Koma wowerenga aonetsetse amene adathandizidwawo. Adali anthu ogonekedwa m'chipatala, amene madokotala adali atawapima kale ndi kudziwa chimene akudwala. Makinawo adavekedwa pofuna kupewa kuundana kwa magazi, osati pofuna kuchiza kutupa kumene chiyambi chake sichikudziwika. Anamwino ankawavula ndi kuyang'ana khungu, ndipo ngakhale padali chisamaliro chotere, zilonda za pakhungu zidaoneka kawirikawiri mwa ovala makina kusiyana ndi mwa anzawo. Wamalonda amene akutchula zipatala za kunja pofuna kugulitsa makina kwa gogo wotupa mapazi kumudzi akubwereka ulemu wa ntchito ina ndi kuuveka ntchito ina.

Kutupa kwa miyendo si matenda pakokha. Kuli ngati utsi wotuluka pa denga: umaonekera kunja, koma moto uli m'nyumba. Ndipo nyumba zimene zingakhale zikuyaka n'zingapo.

Yoyamba ndi mtima. Kafukufuku amene Unduna wa za Umoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti m'Malaŵi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Mtima umene wapopa magazi molimbana ndi vutoli kwa zaka zambiri umafika potopa. Ukatopa, magazi amaunjikana kumbuyo kwake ngati madzi pa mlatho wotsekeka ndi zinyalala, ndipo madzi amadontha kuchoka m'mitsempha kulowa m'minofu. Mapazi onse awiri amatupa, kenaka misongolo. Munthu amayamba kupuma wefuwefu pa chitunda chimene kale ankachikwera akucheza, usiku amalephera kugona chagada, amatsamira khoma kapena kuunjika mitsamiro, ndipo amadzidzimuka ndi chifuwa chobanika. Tsono munthu wotere akavala makina, madzi amene adali m'miyendo amakankhidwira ku mtima umene ukulephera kale kusenza katundu wake, ndipo kumene amakathera ndi m'mapapo. Mapazi angaphwe ndithu, mwana amene adatumiza makina angasangalale ndi chithunzi chimene alandira pa foni, koma amayi ake ali pa ngozi yoposa ya dzulo. Chimene mtima wotere ukufuna ndi mankhwala okodzetsa, mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kuchepetsa mchere, zonse motsogoleredwa ndi a chipatala.

Impso nazo zikayamba kuwonongeka, thupi limasunga madzi ndi mchere. Kawirikawiri nkhope ndi zikope zimatupa m'mawa podzuka, mkodzo umachita thovu kapena umachepa. Chiwindi chikaonongeka ndi kachasu, ndi kachirombo ka hepatitis B kapena ndi likodzo la m'matumbo, mimba imadzaza madzi pamodzi ndi miyendo, ndipo nthawi zina maso amachita chikasu. Kuchepa kwambiri kwa magazi kumatupitsanso mapazi. Mwa anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV, mwendo wotupa, wolimba ngati mtengo, wokhala ndi mabala akuda kapena timatuza, ungakhale chizindikiro cha khansa ya Kaposi, imene imafuna chithandizo cha msanga. Pali ngakhale mankhwala abwino amene amatupitsa akakolo mwa anthu ena, monga amlodipine amene ambiri amamwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Wakumwayo asasiye yekha, koma akauze a chipatala kuti aone ngati m'poyenera kusintha. Mwana wamng'ono amene mapazi ake onse awiri atupa, ndipo chala chikadinikiza pamwamba pa phazi kwa masekondi 3 pakutsala kadzenje, akusowa zakudya m'thupi mwa mtundu woopsa, ndipo ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Mwa zonsezi palibe ngakhale chimodzi chimene mpweya wofinya mwendo ungachize.

Nkhani ya amayi oyembekezera ifunika kuilankhula mwachifatse, chifukwa amalonda amawakonda kwambiri. Nzoona kuti amayi ambiri amatupa mapazi m'miyezi yomaliza popanda vuto lililonse: chiberekero chimalemera ndi kupsinja mitsempha ikuluikulu ya m'chiuno, thupi limasunga madzi ambiri, ndipo madzulo nsapato zimathina. Kutupa kotere kumachepa mayi akagona chammbali, makamaka cha kumanzere, kapena akakweza miyendo. Malangizo a WHO a 2016 okhudza chisamaliro cha amayi oyembekezera amavomereza njira zosafuna mankhwala, monga kukweza miyendo, kuiviika m'madzi ndi kuvala masokosi othina oyenera. Koma pali kutupa kwina kumene kumabwera ndi imfa m'manja. Mimba ikapitirira masabata 20, ndiye kuti miyezi isanu, magazi a mayi angathe kuyamba kuthamanga modzidzimutsa. Nkhope ndi manja zimatupa, mphete imakana kuvuka, mutu umawawa osaleka, maso amachita chidima kapena kuona nyenyezi, ndipo pansi pa nthiti za kumanja pamapweteka. Mapeto ake mayi amakomoka ndi kugwedezeka ngati wa khunyu, ndipo iye ndi mwana angathe kutayika usiku umodzi. Azamba amalizindikira vutoli ndi zinthu ziwiri zosatenga nthawi: lamba wa pa mkono akaonetsa 140/90 kapena kuposa, ndi kakapepala koviika mu mkodzo. Nchifukwa chake malangizo omwewo amati mayi aonane ndi a zaumoyo kasanu ndi katatu pa mimba imodzi. Mayi amene ajomba ku sikelo chifukwa makina aphwetsa mapazi ake wazimitsa nyali imene ikadamuonetsa dzenje.

Choopsa china ndi mwendo umodzi wokha umene watupa mwadzidzidzi, ukupweteka pa katumba, ukutentha, mwina wasinthako mtundu. Kawirikawiri amenewa amakhala magazi oundana mu mtsempha wa m'kati. Zimachitika kwa mayi amene wangobereka kumene, makamaka m'masabata 6 oyamba, kwa amene wagona nthawi yaitali ndi matenda, ndi kwa amene wakhala malo amodzi pa ulendo wautali. Bungwe la WHO lidalengeza mu 2007 kuti kukhala pansi pa ulendo wa maola 4 kapena kuposa kumachulukitsa pafupifupi kawiri ngozi imeneyi, ngakhale kuti kwa munthu mmodzi ngoziyo imakhalabe yaing'ono. Basi ya ku Johannesburg imatenga nthawi yoposa pamenepo kangapo. Mwendo wotere suyenera kufinyidwa, kaya ndi makina kaya ndi manja a mdzukulu wachifundo. Kachidutswa ka magazi oundanawo kangathe kuthothoka, kuyenda ndi mtsempha, kudutsa mu mtima ndi kukatseka njira ya m'mapapo. Munthu amene amacheza bwinobwino pa khonde amangoti chifuwa, kupuma kwabanika, basi. N'zodabwitsa koma n'zoona: makina amene amateteza magazi kuti asaundane ndi omwewo amene amaletsedwa magaziwo akaundana kale.

Odwala matenda a shuga ndi osuta fodya kwa zaka zambiri ali ndi chenjezo lawolawo. Mwa iwo mitsempha yotsitsa magazi ku mapazi imatha kuchepa, phazi limazizira, katumba amapweteka poyenda ndi kuleka poima, ndipo chilonda chimachedwa kupola. Kufinya mwendo umene ukulandira kale magazi ochepa ndi kuumana chakudya. Komanso shuga amachititsa dzanzi, kotero munthu samva ngati makina athina mopitirira kapena ngati atentha, pakuti ena ali ndi zotenthetsa m'kati. Kachilonda kamene kayamba chotero kadadulitsa anthu miyendo.

Makolo adaona kale kuti kutupa si chinthu chochipeputsa, ndipo nchifukwa chake adakulumikiza ndi tsempho kapena mdulo, ndi kuponda mankhwala pa mphambano. Mpaka lero pali mabanja amene amayamba ndi kufufuza amene adathira mchere m'ndiwo asanayenere, kenaka kutemera mphini pa mwendo wotupawo ndi kuthowa ndi madzi otentha, ndipo chipatala chimakumbukiridwa wodwala atalephera kuyenda. Mphini pa khungu lotupa ndi khomo la tizirombo. Munthu wophunzira angaseke lumo ndi kuyamikira makina a magetsi, koma cholakwa cha ziwirizi n'chimodzi: zonse zikulimbana ndi mwendo pamene matenda ali mu mtima, mu impso kapena m'chiwindi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali gulu lina limene kutupa kwake kulidi m'mwendo mwenimwenimo, ndilo la odwala mntchetcha. Matendawa amayamba ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, timene timakhala m'timitsempha tochotsa madzi m'minofu ndi kutiwononga. Adali ofala makamaka ku Chikwawa, ku Nsanje ndi ku Karonga. Atagawa mankhwala kwa anthu onse kwa zaka zingapo kuyambira mu 2008, bungwe la WHO lidatsimikiza mu 2020 kuti Malaŵi wathetsa matendawa ngati vuto la dziko. Komabe amene miyendo yawo idatupa kale adakali nayo, ndipo ndi amene angakopeke msanga ndi malonda. Akatswiri olimbitsa mafupa ndi minofu nthawi zina amagwiritsa ntchito makina a mpweya pa miyendo yotere, monga chowonjezera pa mabandeji, koma osati pamene khungu lili ndi chilonda kapena mwendo wafiira ndi kutentha. Chimene chimakulitsa mwendo wa mntchetcha chaka ndi chaka ndi tizirombo tolowera m'ming'alu ya pakati pa zala, timene timabweretsa malungo ndi ululu. Chitetezo chake n'chodziwika: kutsuka mwendo ndi sopo ndi madzi oyera tsiku lililonse, kupukuta bwino pakati pa zala ndi m'makwinya, kusamala kachilonda kalikonse, kuvala nsapato zosathina, kugwedeza phazi kawirikawiri ndi kukweza mwendo pogona. Ndalama za makina amodzi zingagule sopo wa miyezi yambiri ndi nsapato pamwamba.

Nanga miyendo yongotopa? Mlimi amene wakhala akupalira kuyambira mbandakucha, kapena mayi amene wasenza ndowa maulendo asanu, magazi ake sadadekhe. Pampu ya m'katumba yagwira ntchito tsiku lonse. Kutopa kwake n'kwa minofu, ndipo mankhwala ake ndi chakudya, madzi akumwa ndi tulo. Amene magazi awo amatsalira m'munsi ndi oima kapena okhala malo amodzi: wogulitsa pa msika, mlonda, mphunzitsi, telala, woyendetsa galimoto, ngakhalenso namwino mwini wake. Mapazi awo amalemera madzulo, m'mawa n'kupezeka aphwa. Kwa otere, ngati a chipatala awapima ndi kupeza kuti mtima, impso ndi mitsempha zili bwino, makina angapereke mpumulo wa kanthawi, ndipo amene ali nawo kale palibe womuletsa. Koma mpumulo womwewo amaupeza munthu amene amaimirira pa zala za kuphazi ndi kutsika kakhumi pa ola lililonse, amene amayendako pang'ono pakati pa ntchito, ndipo madzulo amagona pa mphasa kwa mphindi 20 miyendo ataisanjika pa thumba la chimanga kuti ipose pamene pali mtima. Mchere nawo achepetse: WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale mu usipa wouma ndi m'zokometsera ndiwo za m'sitolo. Kumanga mphira kapena chingwe pansi pa bondo, monga ena amachitira, kumangotsekereza magazi. Masokosi othina oyenera amayezedwa ndi a chipatala molingana ndi mwendo wa munthu.

Wina anganene kuti n'chapafupi kulangiza munthu kupita kuchipatala pamene chipatalacho chili kutali, njinga ya kabaza ikufuna ndalama, mzere ndi wautali, ndipo tsiku lina mankhwala sapezeka. Dandaulo limeneli n'lomveka, ndipo ndilo limene limapatsa amalonda msika. Mwana amene ali kutali amafuna kutumiza chinthu chogwirika, chimene amayi ake angachiloze kwa anzawo. Koma ndalama zomwezo zikatumizidwa ngati za ulendo wa kuchipatala cha boma, ndi zogulira mankhwala tsiku limene asowa, zimagwira ntchito pamene pali matenda enieni. Komanso nyumba zambiri za kumudzi zilibe magetsi, ndipo makina amene kapampu kake kafa alibe wowakonza pa msika. A zaumoyo nawonso ali ndi mbali yawo. Munthu wobwera ndi mapazi otupa asabwezedwe ndi mapilisi opha ululu okha asanapimidwe kuthamanga kwa magazi ndi mkodzo, ndipo gogo amene waulula kuti ali ndi makina kunyumba asasekedwe kapena kukalipiridwa, chifukwa akatero sadzaululanso. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi angathe kufunsa za makinawa monga momwe amafunsira za masikito ndi zimbudzi.

Amene walandira kale makina ndipo miyendo yake ndi yotupa awasunge kaye m'bokosi. Ngati kupuma kukubanika, ngati watupa mwendo umodzi wokha ndipo ukupweteka, ngati wodwalayo ndi mayi woyembekezera amene watupa nkhope ndipo mutu ukumuwawa, kapena ndi mwana wamng'ono, ulendo ndi wa tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Ngati palibe zizindikiro zimenezi, apite sabata isanathe, atatenga kabuku kake ka kuchipatala, mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, a m'sitolo ndi a chikuda omwe, ndi kapepala kamene kadabwera ndi makinawo. Akafika afotokoze tsiku limene kutupa kudayamba, ngati kuli mwendo umodzi kapena yonse iwiri, ngati kumaphwa m'mawa, momwe akukodzera, ndi kuchuluka kwa mitsamiro imene amagonera usiku.